Galimoto Si Suti ya pa Ukwati

Zidzukulu zanga, ndi inu nonse amene mumacheza nane pano, lero ndabwera ndi kamkwiyo, ndipo sindikabisa.

Sabata yatha mdzukulu wanga wina, amene wangoyamba kumene ntchito mu mzinda, anabwera kudzandiona. Tinalonjerana, anafunsa za miyendo yangayi, ndipo asanamalize n'komwe tiyi anatulutsa foni nayamba kundionetsa zithunzi. Inali Toyota Mark X yakuda bii, yonyezimira ngati nsapato ya msilikali pa perete. Anati ndalama zina wasunga, zina akatenga ku banki, ndipo zotsalazo tingazipeze titagulitsa kamunda ka kudambo kamene anatisiyira agogo ake aakazi. Ndinamufunsa kuti, “Kodi iwe, galimoto imeneyi imayenda makilomita angati pa lita imodzi ya petulo?” Anangoti kukamwa yasa. Mtundu wa mipando ankaudziwa, kalilidwe ka wailesi yake ankakadziwa, koma chakudya cha chilombo chimene akufuna kulowetsa pakhomo sanachifunse.

Ndinamuuza kuti ngati galimoto akuifunadi, afunefune saluni yaing'ono, monga Corolla Axio, Belta kapena Tiida Latio. Iye anaseka nati, “Agogo, amenewo ndi magalimoto a taxi. Anzanga akandiseka.”

Mawu amenewa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa si iye yekha amene amawanena. Ndawamva kwa aphunzitsi, kwa anamwino, kwa makalaliki, anthu ophunzira bwino amene masamu anakhoza, koma akafika pa nkhani ya galimoto masamu onse amawasiya pa khomo ngati nsapato.

Tiyambire pa taxi pomwepo. Mwini taxi ndi munthu amene amawerenga dontho lililonse la petulo, pakuti nsima ya ana ake imachokera pa zimene zatsala akalipira mafuta. Sagulira maso a anthu. Akaona kuti galimoto ina imamwa kwambiri, kapena kuti sipeya wake amasowa, amaithawa msanga. Tsono ngati anthu ambirimbiri otere, amene sanakhalepo pa msonkhano umodzi, agwirizana pa Toyota yaing'ono, umenewo ndi umboni woposa wa wogulitsa aliyense. Iwe amene ukuseka mwini taxi, ukuseka munthu yekhayo pa msewu amene wayesa galimotoyo tsiku ndi tsiku, m'fumbi ndi m'matope, ndi ndalama za m'thumba mwake. Ine ndikadakhala mnyamata ndikadamugulira Fanta n'kukhala naye pansi kumufunsa mafunso. Safunsa anadya phula.

Tsopano tiwerengere limodzi, monga tinkachitira pa bolodi. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310, kupita ndi kubwerera 620. Tiyerekeze kuti saluni ya injini ya 1500cc, yosamalidwa bwino, ikuyenda makilomita 14 pa lita. Ulendo umenewu imwa malita 44. Tiyerekezenso kuti chigalimoto chachikulu chikuyenda makilomita 8 pa lita. Chimwa malita 78. Mu Okutobala 2025 bungwe la MERA linaika petulo pa K3,499 pa lita, ndipo titenge mtengo umenewo monga chitsanzo chabe, inu muikepo wa lero. Wa saluni alipira pafupifupi K154,000. Wa chigalimoto alipira pafupifupi K273,000. Onse afika ku Lilongwe komweko, onse adya nsima pa maliro omwewo, koma wina watsala ndi K119,000 m'thumba.

Mwina mukuti ku Lilongwe simupitako kawirikawiri. Chabwino. Munthu woyenda makilomita 30 patsiku, kupita ku ntchito, kukatula ana ku sukulu ndi kubwerera, pa masiku 22 a ntchito amakwanitsa makilomita 660. Ndiye kuti mwezi uliwonse amapita ku Lilongwe ndi kubwerako asakudziwa. Kusiyana kuja mukakuchulukitsa ndi miyezi 12 kukupitirira K1.4 miliyoni pa chaka. Imeneyo ndi fizi ya mwana. Amenewo ndi malata a nyumba. Ndi matumba a feteleza amene amayi ako kumudzi akhala akukupempha kuyambira mwezi wa Seputembala, iwe n'kumayankha kuti zinthu zavuta. Zavutadi, koma zavutira mu thanki.

Chifukwa chake n'chosabisika. Mark X ili ndi injini ya 2500cc ya masilinda 6. Axio yambiri imene timaiona kuno ili ndi 1500cc ya masilinda 4, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 1,100. Prado imalemera matani awiri kapena kupitirira. Chitsulo chonsecho sichiyenda ndi pemphero. Nthawi iliyonse ukanyamuka pa maloboti, injini iyenera kukoka kulemera konseko, ngakhale m'katimo muli iwe wekha ndi kachikwama ka mapepala. Ndani angamange ng'ombe zinayi pa ngolo kuti akatenge lichero limodzi la ufa ku chigayo? Mudzi wonse ungamuseke. Koma mu tawuni munthu wochita zomwezo timamuwombera m'manja n'kumutcha bwana.

Ndipo tisaiwale dziko limene tikukhalamo. Malawi alibe zitsime za mafuta, alibenso doko la pa nyanja ya mchere. Petulo ndi dizilo amene timagwiritsa ntchito amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola amene timawapeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi nyemba. Chathu m'menemo ndi ethanol yekha wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amene amasakanizidwa ndi petulo. Madola akasowa, mapampu amauma. Inu ana munali aang'ono mu 2011, pamene abambo anu ankagona m'magalimoto pa malo omwetsera mafuta, ndipo kusowa kwa mafuta kunali chimodzi mwa zimene zinatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julayi chaka chimenecho. Koma mizere ya mu 2022 munaiona ndi maso anu, ndipo ya kumapeto kwa 2024 ena a inu munaimapo ndi zigubu. Pa masiku ngati amenewo, wothira mafuta akanena kuti aliyense alandira malita 20 okha, wa saluni amapita kwawo ali ndi mafuta a sabata yathunthu ndi masiku ena pamwamba, pamene wa chigalimoto amabwereranso pa mzere Lachisanu lisanafike. Ulemu wake uja amaupeza kuti pa mzere wa pakati pa usiku, udzudzu ukumuluma?

Kwacha nayo siinaime malo amodzi. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwezi womwewo petulo anakwera kufika pa K2,530. Taonani, zaka ziwiri zokha pambuyo pake anali pa K3,499. Malipiro anu anakwera choncho? Tayala, batire, mabuleki, oyilo, zonsezi zimachokera kunja ndipo zimatsata dola. Tayala la mainchi 14 kapena 15 la saluni ndi tayala la mainchi 17 kapena 18 la chigalimoto si mtengo umodzi, ndipo matayala amagulidwa anayi. N'chifukwa chake mukayenda m'makomboni ndi m'mayadi momwe, mupeza magalimoto okongola atakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Eni ake anakwanitsa kugula, koma kudyetsa kunawakanika. Walira mvula walira matope.

Za ngongole ndinene mwachidule, pakuti zimandiwawa. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo chawo pamwamba. Kubwereka pa mtengo wotere kuti ugule mbewu kapena makina a chigayo, tingakambirane, chifukwa chigayo chimabweza. Koma kubwereka kuti ugule chinthu chimene mtengo wake umatsika chaka ndi chaka, chimene chimafunanso ndalama m'mawa uliwonse, n'kuikapo munda wa makolo ngati chiwonjezero, kumeneko ndi kudula mtengo wa mango kuti upeze nkhuni za tsiku limodzi. Munda uja unadyetsa amayi ako, unadyetsa iwe, ndipo ngati sitiugulitsa udzadyetsa ana ako. Mark X pakatha zaka 10 idzakhala khola la nkhunda.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, ndipo sindichinyoza. Mukuti, “Agogo, msewu wa kumudzi mukuudziwa. Nthawi ya dzinja saluni siifika.” Zoona. Saluni ndi yotsika, mimba yake imakhudza mizere ya matope, ndipo pa kamlatho ka mitengo munthu umadutsa mtima uli m'mwamba. Ngati ndiwe mlangizi wa zaulimi amene ntchito yako ili m'midzi tsiku lililonse, kapena mlimi wonyamula matumba a mtedza kupita nawo ku msika, usamvere za saluni, gula pikapu, ndipo ine ndidzakudalitsa. Koma iwe wa mu ofesi, dziwerengere moona mtima. Pa masiku 365 a chaka, ndi angati amene umakhala pa msewu wa fumbi? Khirisimasi, maliro awiri kapena atatu, chinkhoswe chimodzi. Mwina masiku 10, ndipo mwa amenewo amatope enieni ndi atatu. Tsono chifukwa cha masiku atatu ulipire mafuta owirikiza pa masiku ena onsewo? Siya galimoto pa sitolo ya pa msika, upatse mlonda kangachepe, ukwere kabaza makilomita otsalawo. Palibe amene anachotsedwa pa mtundu chifukwa chofika pa njinga. Ife tinkafika wapansi, nsapato zili m'manja, ndipo ankatiphera nkhuku.

Pali chinanso chimene achinyamata simuchiona msanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukafika kumudzi ndi chigalimoto, walengeza wekha kuti uli nazo. Pa maliro ndiwe ukatenge bokosi, ndiwe ukatenge nkhuni, ndiwe ukatule azakhali ku boma usiku, ndipo palibe amene adzakufunse za mafuta, chifukwa mwini galimoto yotere angasowe bwanji mafuta? Kuthandiza pa maliro ndi mwambo wathu wabwino, ndipo sindikuuzani kuti muuthawe. Ndikunena kuti thandizo lenileni ndi ndalama ya chipepeso, thumba la ufa, ndi kugona pa siwa pamodzi ndi abale ako. Ndaona anthu ofika ndi magalimoto ogwedeza nthaka, koma mbale ya chipepeso ikamadutsa amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga nyenyezi masana. Amayi a kumudzi amaona zimenezi, ndipo amazikamba pa mtondo.

Koma musaganize kuti ndikukutumani kuti mukatole chilichonse chotchipa. Kumeneko kulinso dzenje lake, ndipo ambiri agweramo. Magalimoto athu ambiri ndi akaunjika ochokera ku Japan. Amatiyenera chifukwa Ajapani nawonso amayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja monga kwathu kuno. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, motero ambiri amagulitsa galimoto ikadali ndi moyo. Ife timapindula nazo. Koma mu mtolo wa kaunjika mumakhala malaya abwino ndi nsanza zomwe. Galimoto yogulitsidwa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala lolembapo giredi yake: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 yatopako, ndipo R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pempha kuona pepala limenelo. Wogulitsa akayamba kuzungulira, iwe tsanzika. Makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto amatha kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu osaopa Mulungu, choncho yang'ana chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira za pa zopondera. Ngati zaperepeseka pamene wotchi ikuti 40,000, wina akunama, ndipo si mphirazo. Gwada usuzumire kunsi. Magalimoto ochokera ku madera a chipale chofewa, monga ku Hokkaido, amadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha mchere wothiridwa m'misewu, pamwamba penti ali waliwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso mtengo umene ukuuona pa intaneti si mtengo wa galimoto pakhomo pako. Umenewo nthawi zambiri umathera pa doko la Dar es Salaam. Pali zolipira pa doko, pali dalaivala ndi mafuta a makilomita oposa 900 kukafika pa chipata cha Songwe, pali msonkho wa MRA, pali kalembera ku Road Traffic, nambala, inshuwalansi ndi COF. Msonkhowo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto, kotero chigalimoto chokalamba chimene chimaoneka chotchipa pa foni chimadzakulumira pa chipata. Funsa ku MRA komweko usanatumize ndalama, osati kwa madobadoba oima panja. Lemba zonse pa pepala, uwonkhetse, uwonjezepo ndalama ya matayala ndi sevisi yoyamba. Chiwerengero chimene chatulukacho ndiwo mtengo.

Nanga pakati pa masaluni omwewa tisankhe iti? Apa ndinena maganizo anga, ndipo amene akutsutsa atsutse. Ine ndimaima ndi Corolla Axio ya 1500cc. Dzina la Corolla linayamba mu 1966, ndipo Axio inatuluka mu 2006, n'kusinthidwa maonekedwe mu 2012. Chimene ndimaikondera si kukongola, pakuti kunena zoona nkhope yake ndi ya kalaliki wa kwa DC. Ndimaikonda chifukwa injini yake, yotchedwa 1NZ-FE, ndi yomweyo imene ili mu Probox, mu Sienta, mu Fielder ndi mu Premio yambiri. Ndiye kuti makaniko wa ku Ndirande, wa ku Biwi, wa ku Mzuzu, ngakhale wa pansi pa mtengo pa Jenda, anaitsegulapo kambirimbiri, ndipo sipeya wake umamupeza tsiku lomwelo. Galimoto yachilendo, ngakhale ikhale yabwino chotani, ikafa pa Ntcheu imakugonetsa pa Ntcheu mpaka kachitsulo kake kachokere ku Johannesburg kapena ku Dubai.

Belta, imene inapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2012, ndi yotsikirapo mtengo, ndipo ilipo ya 1000cc ndi ya 1300cc. Ya 1000cc ili ndi masilinda atatu okha. Mu tawuni imamwa ngati mbalame, koma ikwezeni anthu asanu ndi thumba la chimanga, muiloze chitunda cha Chiweta kapena cha ku Chikwawa, mudzaimvera chisoni. Phazi limakhala pansi njira yonse, ndipo mafuta amene munkati mukupulumutsa amathera pomwepo. Wa banja atenge ya 1300cc. Tiida Latio ya Nissan ili ndi malo otakasuka kumbuyo, agogo ngati ine timatambasula miyendo bwino, koma yamba wazungulira m'masitolo a kwanuko uone ngati sipeya wake akupezeka mosavuta monga wa Toyota.

Ambiri a magalimoto amenewa ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, yoyenda ndi lamba wachitsulo m'malo mwa mano. Imathandiza kupulumutsa mafuta, koma ili ndi oyilo wakewake. Makaniko akathiramo oyilo wamba wa otomatiki, giyabokosi imayamba kunjenjemera, kenako imafa, ndipo mtengo wa ina udzakuliza. Ima pomwepo pamene akuthira, uwerenge chigubu ndi maso ako. Si chipongwe kwa mmisiri, ndi ndalama zako.

Za hybrid, imene achinyamata mwaitengera ngati chipembedzo chatsopano, ndinene motere. Axio ya hybrid inayamba mu 2013, ndipo n'zoona kuti pa mdipiti wa magalimoto mu Chipembere Highway madzulo, pamene ena akuwotcha mafuta ataima, iyo injini imazima n'kumayendera batire. Kwa woyenda mu tawuni phindu lake ndi lenileni. Koma batire lalikululo limakalamba monga ife tomwe, limadana ndi kutentha, ndipo kamphepo kolizizira kamalowera pa kabowo ka pafupi ndi mpando wakumbuyo, kamene fumbi lathu la mu Okutobala limakatseka msanga. Ukagula hybrid ya zaka 10 kapena kuposa, pita nayo kwa munthu wa kompyuta yoyezera batire usanalipire, ndipo sunga padera ndalama ya batire lina. Ngati ndalama imeneyo ulibe, tenga ya petulo wamba ugone tulo. Ndipo manambala a m'mabuku a ku Japan, onena za makilomita 20 kapena 30 pa lita, musawalumbirire. Amenewo anayezedwa m'nyumba yoyesera, popanda maenje, popanda katundu, popanda apongozi ndi nkhuku zawo kumbuyo.

Muyeso woona ndi wapafupi, ndipo ndi umene ndinamupatsa mdzukulu wanga uja. Ndinati, “Pita kwa mwini Mark X amene ukumusirirayo, umupemphe muyende limodzi, mafuta ulipira ndiwe. Mudzaze thanki mpaka pampu idule yokha, ulembe makilomita a pa wotchi. Mupite ku Zalewa, mugule nsomba kapena tomato, mubwerere pa pampu yomweyo mudzazenso. Makilomita amene mwayenda uwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriwo. Mawa lake uchite chimodzimodzi ndi mwini taxi wa Axio. Mapepala awiriwo ubwere nawo kuno, pamodzi ndi pepala la malipiro ako, tidzawerengere pa tebulo lino.”

Anachoka nkhope ili gwaa, tiyi wake atazizira m'kapu. Amayi ake anandiimbira foni usiku kuti mwana wakhumudwa, akuti agogo safuna kuti iye atukuke. Ndinawayankha kuti ndikufuna atukuke ndithu, ndipo pa Axio kapena Belta ndiikapo kanga kochokera pa penshoni, pamodzi ndi matayala awiri atsopano. Koma kamunda ka kudambo sikagulitsidwa ine ndili moyo, ndipo chaka chino tabzalamo kale mpiru ndi chimanga cha mondokwa. Mapepala aja ndikuwadikira Loweruka.